Magiya Anayi a Abiti Abbas

Ku Bangwe mukafika pamsika n'kufunsa za Zuleikha, anthu amayamba ayang'anana. Koma mukati Abiti Abbas wa Hilux yobiriwira, ngakhale wogulitsa makala akulozerani pamene amaimika galimoto, moyang'anana ndi ogulitsa matabwa. Ndi mayi wamfupi, wotambalala mapewa, wosakonda kuseka ndi anthu osawadziwa. Amayendetsa atamanga mpango kumutu, nsapato atavula, chifukwa amati phazi lovala silimva bwino kilatchi.

Pikapuyo ndi yakale, zaka zake zingafanane ndi za mwini wakeyo. Bambo ake, Che Abbas, anaigula kuminda ya tiyi ku Thyolo Zuleikha akadali kumsana. Che Abbas anali munthu wa nthochi ndi zinanazi. Ankapita ku Thyolo ndi ku Mulanje, kudzaza galimoto mpaka masipuling'i kugona, n'kudzatsitsa ku Limbe. Mwana wamwamuna analibe, choncho Loweruka ndi patchuthi amene ankakhala pambali pawo anali Zuleikha. Phewa lawo lamanzere litayamba kuvuta, mtsikanayo ndiye ankawalowetsera magiya. Iwo akaponda kilatchi ankangoti, "Tiye," iye n'kukankha ndodo ya magiya ndi manja awiri. Asanamalize n'komwe sekondale anali akukwera nayo yekha chitunda cha ku Ntopwa, katundu ali phamphu, galimoto osabwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono.

Tariq anamudziwira ku Limbe komweko. Mnyamatayo anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, akugulitsa mafoni, atavala nsapato zonyezimira, pakamwa pozuna. Ankauza aliyense kuti ku Joni ankayendetsa mathiraki akuluakulu opita ku Durban. Che Abbas sanamukonde kwenikweni. Tsiku loyamba kumukweza mu Hilux anaona mnyamatayo akuyamba wapukuta mpando ndi kansalu asanakhale, ndipo madzulo anauza mwana wawo kuti, "Munthu uyu amaopa fumbi. Nanga moyo wathuwu si fumbi lokhalokha?" Koma mtima ukakonda sumva za fumbi. Anakwatirana, n'kubereka mwana wamkazi, Sumayyah.

Che Abbas atadwala komaliza anaitana abale, nanena pamaso pawo kuti galimoto ndi ya Zuleikha. Anawaika m'manda kumudzi kwawo ku Machinga. Itakwana nthawi ya sadaka, Zuleikha anapita kumudziko pabasi ndi mwana, galimoto n'kuisiya pakhomo. Atabwerako anaipeza yatsukidwa bwino, Tariq ataima pambali pake akumwetulira.

"Tsegulani chitseko muone, mayi a Sumayyah. Ndakukonzerani galimoto. Tsopano yafanana ndi za anthu."

Zuleikha anatsegula. Pansi pa chiwongolero panali zopondera ziwiri zokha. Ndodo yaitali ya magiya, ija inachita kusalala ndi dzanja la bambo ake, panalibe. M'malo mwake panali kachitsulo kafupi kokhala ndi batani, ndipo bowo lotsala analitseka ndi chidutswa cha kapeti.

"Giyabokosi ya bambo anga ili kuti?"

"Ndataya kwa a sikirapu ku Ndirande. Zamanyuwo n'zachikale. Iyi ndi otomatiki, ndachotsa mugalimoto ya ku Japan. Komanso bondo langa lamanzereli limavuta. Ndipo tamverani, mwamuna sangamayende pansi mkazi wake ali pachiwongolero. Anthu andiseka."

Zuleikha anatseka chitseko pang'onopang'ono n'kukalowa m'nyumba. Sanalalate, sanalire. Za bondozo anadziwa kuti n'zabodza, chifukwa bondo lomwelo linkathamanga bwinobwino pampira Lamlungu. Apo m'pamene anazindikira chinthu chimene sanauze munthu aliyense: woyendetsa mathiraki wa ku Durban uja sankadziwa kuponda kilatchi.

Kuyambira pamenepo Tariq ndiye ankayenda ndi pikapu. Anasiya mafoni n'kuyamba kuimika pamsika wa Bangwe, kunyamulira anthu matabwa, simenti ndi katundu wosamuka. Zuleikha anakhala pakhonde ndi makina osokera, kusoka mayunifolomu a ana asukulu. Ankamva galimoto ikuchokera kutali, ikulira ngati ng'ombe yomangidwa pakhosi, chifukwa giyabokosi ya galimoto yonyamula mabwana si yokwera nayo mapiri a Bangwe ndi matumba a simenti. Mafuta ake ankanunkha chopsereza. Anamuchenjezapo kamodzi, Tariq n'kuyankha kuti, "Inu zisokani madiresi."

Tsiku lina masana, lole ina inafika pakhomo ikukoka Hilux ndi chingwe. Kumbuyo kwa pikapu kunali bedi latsopano, matiresi akadali m'pulasitiki, mipando ya sofa ndi kabati ya magalasi. Tariq panalibe. Galimoto itafera pachitunda cha ku Namiyango, iye anathamangira ku Limbe kukasaka makaniko, n'kuuza a lole kuti aikokere kunyumba. Koma a lolewo nyumba ya Hilux imeneyo ankadziwa imodzi yokha.

"Katunduyu ndi wa ndani?" Zuleikha anafunsa dalaivala.

"Si wanu kodi, mayi? Abwana amati ndi wa madamu." Dalaivalayo anayang'ana mnzake, n'kukanda m'mutu. "Kapena amanena madamu a ku Machinjiri aja?"

Umu ndi mmene Zuleikha anadziwira za Lubna, mtsikana wogulitsa mafuta odzola ku Limbe, amene Tariq anali atamupezera kale nyumba ku Machinjiri. Maneba onse anaona bedilo. Linakhala padzuwa mpaka madzulo, amayi akudutsa mwadala ngati akupita kukatunga madzi.

Banja linatha mwezi womwewo. Pokambirana za katundu, ankhoswe anati galimoto ikhale kwa Zuleikha poti ndi ya malemu bambo ake. Tariq sanatsutse. Anaimirira, kusasa thalauza lake, n'kunena mokweza kuti amene anali panja amve: "Zitsulozo tengani, muzisungiramo nkhuku." Anzake amene anamuperekeza anaseka. Kuseka kumeneko kunamukhala Zuleikha m'makutu kuposa talaka yeniyeniyo, mawu othetsa banja aja.

Hilux inakhala pakhomo mvula n'kugwa, n'kusiya, n'kugwanso. Matayala anaphwa. Zuleikha ankaitsuka Lachisanu lililonse, ndipo nkhuku ikangoyandikira ankaigenda ndi chilichonse chimene chili pafupi. Anayamba kufufuza kumene giyabokosi ya bambo ake inathera. Anayenda Ndirande yense, kwa ogulitsa masipeya, kwa owotcherera, mpaka wina anamulozera kuseri kwa msika, kwa bambo wina dzina lake Venansio, wosungunula zitsulo n'kuumba mapoto.

"Ya Hilux yakale? Ndikuikumbuka," anatero Venansio akukoleza moto. "Anabwera nayo bambo wina wonunkhira perefyumu. Ine ndinamuuza kuti iyi ndi yamoyo, bwanji osagulitsa kwa amakaniko? Anati ayi, iphwanyeni pompano ndikuona, ndisadzaionenso. Tinaiphwanya ndi hamala. Chigoba chake tinasungunula, zam'kati anatenga ogula zitsulo."

"Anati muiphwanye iye akuona?"

"Eya. Anachita kudikira."

Zuleikha anayang'ana mapoto onyezimira amene anandandalikidwa pansi. Tariq sanangochotsa giyabokosi kuti ayendetse yekha, anafuna kuti Zuleikhayo asadzayendetsenso. Mayiyo anathokoza Venansio n'kunyamuka. Muminibasi yobwerera ku Limbe mtima wake unali phee, ngati madzi a pachitsime chakuya. Sabata yomweyo anagulitsa makina osokera ndi ndolo zimene anamusiyira mayi ake, n'kupita ku Chirimba.

Ku Chirimba kunali a Laurenti, makaniko wachikulire amene ankakonza galimoto ya Che Abbas kuyambira kale. Atakoketsa Hilux n'kuisuzumira pansi anapukusa mutu.

"Abiti Abbas, amene anachita izi Mulungu amukhululukire, ine sindingathe. Koma otomatikiyi ikhoza kukonzeka. Ndi njira yachidule, simuvutika."

"Sindikufuna njira yachidule, bambo. Ichotseni. Ndikufuna manyuwo."

"Ndiye kuti tisake zambiri. Chopondera kilatchi anadula, fulaiwilo anataya, polopushafiti anaifupikitsa. Zonsezo n'zoyambanso."

"Tiyambenso."

Patapita masabata, a Laurenti anamuitana. Pansi pa shedi anali atagoneka magiyabokosi atatu pamatayala akale. Yoyamba inali ya minibasi. A Laurenti anaikankha ndi phazi, nati imeneyo angoibweretsa kuti aione, koma ndodo yake siingatulukire pamalo oyenera, ingafune kubowola ndi kulumikiza zitsulo zambiri, ndipo zolumikizalumikiza sizikhalitsa m'misewu ya Bangwe. Yachiwiri inali ya Hilux ya zaka zapambuyo pake, ya magiya asanu.

"Iyi ndiye ndingakusankhireni," anatero a Laurenti. "Ndi yofewa, magiya amalowa ngati mpeni m'papaya. Pamsewu wa Zalewa mafuta simuwamva. Ngakhale wophunzira kumene imamukhululukira."

"Imamukhululukira?"

"Eya. Akalakwitsa siikwiya."

Zuleikha anadutsa n'kukagwada pa yachitatu. Inali yakuda ndi girizi wakale, yolemera, ndodo yake yaitali yopindika pang'ono. A Laurenti anati anaipeza ku Lunzu mu Hilux ya msinkhu womwewo imene inagwa pamlatho kalekale. Magiya anayi basi, ngati ya Che Abbas. Giya woyamba ndi wamphamvu, angakwere phiri la Mpingwe atasenza nyumba. Koma pamsewu wautali imalira ndi kumwa mafuta, ndipo giya wachiwiri anadyeka pang'ono.

"Imafuna munthu woidziwa. Ukaikakamiza imakukuta mano, msika wonse n'kumva. Ndipo kilatchi yoyenda ndi imeneyi ndi yolimba, mwendo umachita kunjenjemera."

Zuleikha anagwira ndodo ija n'kuiyendetsa: woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Kwa nthawi yoyamba chithere banja, anamwetulira.

"Ndatenga iyi."

"Mayi, ganizani bwino. Ya asanuyi ikupepukirani."

"Ine ntchito yanga ndi ya m'mapiri, bambo, si ya ku Zalewa. Ndipo kilatchiyo musaifewetse. Chinanso, amene angafunse, muzingoti galimoto ya Abiti Abbas yakonzedwa. Zam'katizi musatchule."

A Laurenti anamuyang'ana nafunsa kuti, "Mukukonza galimoto kapena mukutchera msampha?"

"Zonse ziwiri zimafuna zitsulo zabwino," anayankha Zuleikha.

Hilux itatuluka m'garaja, Zuleikha anakaimika pamsika wa Bangwe, pamalo penipeni pamene Tariq ankaimika. Nthawi imeneyo Tariq analibe galimoto. Ankabwerabe kuchokera ku Machinjiri m'mawa uliwonse kudzachita udobadoba: kasitomala akafuna galimoto, iye ankamupezera ya wina n'kudyapo pakati. Zuleikha anayamba kumulanda makasitomala mmodzimmodzi. Ogulitsa matabwa ankamudziwa kuyambira ali mwana. Amayi a tomato anakondwa kupeza dalaivala wosawatukwana. Kumene ena ankakana kukwera chifukwa cha chitunda kapena matope, Hilux yobiriwira inkakwera. Akaimika, Zuleikha ankafunditsa ndodo ya magiya ndi chitenje n'kukweza magalasi. Tariq ankayang'anira patali, manyazi osamulola kuyandikira, ndipo mumtima mwake ankati mayiyu wangokonzetsa otomatiki ija.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zuleikha anadikira, ndipo tsiku linafika. Tariq anabwera kunyumba ndi amalume ake, Che Yusuph, munthu wolemekezeka kumzikiti. Anakhala pamkeka, nkhani n'kuyamba mozungulira.

"Mwanangu," anatero Che Yusuph, "banja linatha, koma pakati panu pali mwana. Si bwino mayi kumakanganirana makasitomala ndi amuna pamsika. Mnzanuyu ndi dalaivala, ntchito alibe. Bwanji aziyendetsa iye galimotoyi, madzulo azibweretsa za mwana? Inu mupume."

"Paja ndinavutika nayo galimoto imeneyi," Tariq anawonjezera. "Ndimaidziwa ngati chikhatho changa."

Zuleikha anaweramitsa mutu ngati mkazi womvera. "Mwanena bwino, amalume. Ine ndine ndani kuti ndikane mawu a akulu? Lachisanu mukatuluka kumzikiti mundipeze pamsika. Ndidzawapatsa makiyi pamaso panu, kuti pasadzakhale zokambakamba."

Tariq anatuluka akuimba kamluzu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachisanu Zuleikha anadzaza pikapu ndi matumba a simenti a kasitomala wa ku Ntopwa. Sanaimike pamalo ake a masiku onse, koma pokwera penipeni, pamene msewu umachoka pamsika kulunjika kumtunda, n'kuika mwala kumbuyo kwa tayala. Anali atauza ogulitsa matabwa ndi amayi a tomato kuti lero akupereka galimoto kwa mwini luso, abwere adzachitire umboni. Anthu otuluka kumzikiti nawo anaima. Tariq anafika atavala mkanjo woyera, Lubna ali pambuyo pake ndi chikwama chonyezimira.

"Nawa makiyi, bambo a Sumayyah. Simentiyi ikupita ku Ntopwa, mwini wake akudikira."

Tariq analowa. Anachotsa chitenje chija, n'kuona ndodo yaitali ya magiya. Anasuzumira pansi: zopondera zitatu. Anatembenuka kuyang'ana Zuleikha. Mayiyo anali atawerama kale kuchotsa mwala uja, ndipo anauponya m'ngalande.

"Tiyeni, a dalaivala a ku Durban!" anakuwa wina wogulitsa matabwa, mosadziwa kanthu, akungochemerera.

Tariq kutsika akanatha. Akanati bondo lavuta. Koma Lubna anali pomwepo, amalume ali pomwepo, ndi onse amene anawauza za mathiraki. Analiza injini. Galimoto inadumpha ngati chule n'kuzima. Analizanso, n'kukankha ndodo osaponda bwino kilatchi, giyabokosi n'kukukuta mano mpaka agalu a kuseri kwa msika anauwa. Anthu anayamba kuyang'anana. Kachitatu anatsitsa handibuleki, pikapu n'kuyamba kutsetsereka chammbuyo, amayi a tomato akukuwa ndi kukoka madengu awo. Anaponda buleki, thukuta lili chuchuchu. Kenaka anaponda mafuta mpaka pansi, phazi lina lili theka pa kilatchi. Injini inabangula, galimoto osasuntha, utsi wonunkha n'kuyamba kutuluka pansi.

Fungo limenelo Zuleikha analimva ngati akupsa ndi mnofu wake. Anadziwa kuti kilatchi yatsopano ikutha. Anapinda manja pachifuwa n'kuisiya ipse.

"Kodi achimwene, ku Joni munkayendetsa mathiraki kapena mawilibala?" anafunsa dalaivala wina wa minibasi, ndipo msika wonse unagwa nako kuseka. Wina anakuwa kuti, "Che Otomatiki!" Dzinalo linayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kwa ogulitsa nsomba. Che Yusuph anaphimba kumaso ndi chipewa chawo n'kubwerera kumzikiti. Lubna anali atazemba kale.

Zuleikha anayandikira pawindo. Analankhula motsitsa, kuti amve Tariq yekha.

"Ndinafika kwa Venansio ku Ndirande. Akuti munachita kudikira mpaka hamala yomaliza. Inenso lero ndadikira. Kokani handibuleki mutsike."

Tariq anatsika, mkanjo utamatirira kumsana. Zuleikha anavula nsapato, kulowa, n'kunyamuka pachitunda pomwepo bwinobwino, simenti yonse ili kumbuyo.

Sikuti zonse zinamukomera. A Laurenti anamukalipira posintha kilatchi, nati chitsulo sichinalakwire munthu. Choposa apo, Sumayyah anabwera kuchokera kusukulu maso ali psuu, chifukwa anzake ankamutcha mwana wa Che Otomatiki. "Ndi bambo anga, amayi," anatero, ndipo kwa masiku angapo sanadye mbale imodzi ndi mayi ake. Zuleikha zinamuwawa, anamugulira nsapato zatsopano, anamunyengerera, koma kupepesa sanapepese. Anangoti, "Tsiku limene bedi lija linakhala pabwalo pano, nawenso anzako anakuseka. Bambo ako anabwera kudzakupukuta misozi?"

Tariq sanaonekenso pamsika wa Bangwe. Dzina lija linamutsatira mpaka ku Machinjiri, chifukwa madalaivala a minibasi sasunga nkhani. Ena ankati zikanathera pomwepo, munthu walangika mokwanira. Zuleikha sankaona choncho.

Miyezi itapita, a Laurenti anamutsina khutu, mwina mosaganiza bwino, kuti Tariq walembetsa mwakabisira kusukulu ina yophunzitsa kuyendetsa galimoto ku Chirimba, ndipo amaphunzira m'mawa pamsewu wa ku Chileka, kutali ndi anthu omudziwa. Mawa lake Zuleikha anapeza katundu wopita ku Lunzu, ulendo umene masiku onse ankaukana chifukwa cha mafuta. Anaima pafupi ndi raundabauti ya Kameza mpaka anaona kagalimoto koyera ka chilembo chofiira cha ophunzira kakubwera monjenjemera. Analowa pambuyo pake.

Polowa mu raundabauti kagalimotoko kanazima. Magalimoto ena anayamba kulambalala, madalaivala akutukwana. Hilux yobiriwira yokha sinalambalale. Inaima kumbuyo kwenikweni, bampala pafupi ndi bampala. Tariq atayang'ana pagalasi anaona mpango ndi maso aja. Analiza, kanazimanso. Mphunzitsi wake anatulutsa dzanja pawindo kukodola kuti mayi dutsani.

Zuleikha anatulutsa mutu. "Ayi bambo, musadandaule, ine sindikuthamangira kulikonse. Aphunzitseni bwinobwino. Muwauze aziyamba kaye aponda kilatchi." Kenaka anakweza mawu, kuti ogulitsa nthochi ndi akabaza a pa Kameza amve: "Mwadzuka bwanji, bambo a Sumayyah? Bondo lija lili bwanji?"

Tariq anatsegula chitseko, kutsika pakati pa msewu, n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera ku Machinjiri osacheuka, mphunzitsi akumuitana. Akuti kusukuluko sanabwererenso, ndipo chaka chisanathe anakwera basi ya ku Joni. Zuleikha anadikira mpaka mphunzitsiyo atazungulira n'kukhala pachiwongolero, kagalimoto n'kuchoka. Kenaka anapitiriza ulendo wake wa ku Lunzu, ndipo pobwerera anagula mtolo wa mizimbe kuti akagawire amayi a tomato.